Dzanja Lokonza Zolemba za Ena

Akatswiri a mabuku a Chingerezi ali ndi mneni wawo wakuti emend, wochokera ku Chilatini, kumene ankatanthauza kuchotsa chilema. Aphungu akamasintha lamulo amati amend, chifukwa akufuna linene china. Koma emend ndi wa zolemba zokha: kubwezeretsa zimene mwini wake adalemba, pamene wokopera kapena wosindikiza adaphonya. Ine ndakalambira pa ntchito yowerenga mabuku asanapite kumakina, ndipo kusiyana kumeneku ndimakulemekeza kwambiri.

Ntchitoyi ndi yakale. M'zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, Zenodotus, woyang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, ankafananiza mipukutu ya ndakatulo za Homer, yomwe inkasemphana. Mizere ina yokayikitsa ankaisiya pomwepo, n'kungolemba kamzere m'mphepete, kotchedwa obelus, kuti wowerenga adziweruzire yekha.

Makina osindikiza atafika, cholakwa chimodzi chinayamba kuberekana. Woyala zilembo ankazitola ndi zala chimodzichimodzi, tizitsulo ting'onoting'ono, n'kuzindandalika chagada, maso ali psuu ndi kutopa. Mu 1631 ku London, Robert Barker ndi Martin Lucas anasindikiza Baibulo limene pa Eksodo 20:14 panasowa kamawu kakuti not. Lamulo loletsa chigololo linasanduka lochilamula. Mfumu Charles I inapsa mtima, awiriwo anawalipiritsa mapaundi 300, ndipo mabuku ambiri anawonongedwa.

Cholakwa chotere aliyense angachione. Pamavuta ndi pomwe wolemba adamwalira ndipo pepala lake lidatayika. Mu sewero la Shakespeare lotchedwa Henry V, mayi wina amafotokoza mmene nkhalamba ina yotchedwa Falstaff idafera. M'buku la 1623, pakati pa mawu ake pali liwu lakuti table, tebulo, lomwe silikugwirizana ndi chilichonse pamenepo. Lewis Theobald, amene mu 1726 adalemba buku lodzudzula mmene Alexander Pope adakonzera Shakespeare, anati wosindikiza adawerenga molakwa liwu lakuti babbled, kubwebweta. Atasintha zilembo zochepa chabe, panaoneka nkhalamba ili pamphasa ya imfa, ikubwebweta za minda yobiriwira. Pope anamunyoza m'ndakatulo ya The Dunciad mu 1728, koma mpaka lero mabuku ambiri amatsatira Theobald.

Richard Bentley wa ku Cambridge anali wophunzira kuposa Theobald, katswiri wa Chigiriki ndi Chilatini. Mu 1732 anatulutsa Paradise Lost, ndakatulo ya John Milton, ataikonza m'malo mazanamazana. Iye ankati popeza Milton anali wakhungu ndipo ankachita kulakatula ena akulemba, panali munthu amene adalowetsamo zake. Umboni wogwirika panalibe. Paliponse pamene khutu la Bentley silinakondwe ankati palakwika, mpaka anasintha mizere yomaliza ya ndakatuloyo. Owerenga anaikana ntchitoyo, ndipo anachita bwino.

Awiriwa anasiyana pa funso limene ankadzifunsa. Theobald ankafunsa kuti mwini wake adalemba chiyani, ndipo dzanja kapena diso linaterereka bwanji kuti pafike cholakwachi. Bentley ankafunsa kuti iyeyo akadalemba chiyani. N'chifukwa chake achinyamata amene ndimawaphunzitsa ntchitoyi ndimawauza kuti asanakhudze liwu la wina athe kufotokoza njira imene cholakwacho chidalowera. Akalephera, aike chizindikiro m'mphepete, akamufunse wolembayo ngati ali moyo. Buku ndi munda wa eni ake. Waganyu amazula udzu, sazula chimanga chifukwa choti iye amakonda mapira.