Chinyama cha ku Karonga ndi zaka 6,000 za mnzanga

Usiku wina semesita yathayi, titamaliza kuphunzira Mawu m'chipinda cha mnzathu ku hositelo, mnyamata wina amene ndimamulemekeza kwambiri anatulutsa foni n'kutionetsa vidiyo. Munali chingalawa chachikulu chamatabwa chimene anamanga ku Kentucky, m'dziko la America, potsanzira cha Nowa, ndipo m'makola ena a m'katimo anaikamo zidole za ma dinosaur ang'onoang'ono. Wolankhula mu vidiyomo ankati dziko lili ndi zaka pafupifupi 6,000 basi, ma dinosaur analengedwa tsiku lachisanu ndi chimodzi limodzi ndi Adamu, ndipo mafupa awo amene anthu amafukula lero anakwiririka pa chigumula. Ine ndinafunsa kuti, "Nanga chinyama chili ku Karonga chija, chimene amati chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo?" Iye sanachedwe kuyankha. "Achimwene, musankhepo chimodzi, Mawu a Mulungu kapena mawu a anthu. Akhristu akhala akukhulupirira zimenezi kuyambira kalekale."

Mawu omalizawo ndi amene anandisowetsa tulo. Ine ndine wopemphera, ndipo sindinabwere ku yunivesite kudzataya chikhulupiriro cha makolo anga. Koma ngati munthu wanena kuti chinthu chinayamba kalekale, ndiye kuti wanena za mbiri, ndipo mbiri imafufuzika. Nditafufuza ndinapeza kuti chiphunzitso chimene tinaonera pa foni paja, cha ma dinosaur m'chingalawa ndi chigumula chimene chinayala miyala yonse, n'chaching'ono msinkhu kuposa agogo anga. Ndinapezanso kuti Akhristu ambiri otchuka a m'badwo umene unatitumizira amishoni sankachiphunzitsa.

Ndiyambe ndi pamene mnzangayo akulondola. Nambala ya zaka 6,000 si ya dzulo. Akhristu ambiri akale ankawerengetsa mibadwo ya m'buku la Genesis n'kupeza zaka masauzande ochepa. Wodziwika kwambiri ndi James Ussher, bishopu wamkulu wa ku Armagh ku Ireland, amene mu 1650 analemba kuti dziko linalengedwa mu Okutobala chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Kuyambira mu 1701 osindikiza anayamba kuika chakachi m'mphepete mwa masamba a Baibulo lachingerezi la King James, ndipo anthu ambiri anazolowera kuchiona ngati mbali ya Malemba. Ussher sanali chitsiru. Anagwiritsa ntchito zolemba zimene zinalipo m'nthawi yake, nthawi imene panalibe amene ankadziwa kuyeza zaka za mwala.

Koma ngakhale kale komweko, si onse amene ankawerenga masiku a m'Genesis ngati masiku a pa kalendala. Origen wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 200, anadabwa kuti madzulo ndi m'mawa zikanakhalapo bwanji masiku atatu oyambirira pomwe dzuwa likutchulidwa tsiku lachinayi. Augustine wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, ankakhulupirira kuti dziko si lakale kwambiri, komabe ankaganiza kuti Mulungu analenga zonse pa kamphindi kamodzi ndipo masikuwo ndi njira yotifotokozera. Iyeyu anachenjezanso kuti Mkhristu akamalankhula zosamveka pa zinthu za chilengedwe zimene wosakhulupirira akuzidziwa bwino, n'kumati Baibulo ndilo latero, amanyozetsa Baibulolo. Onse awiriwa ankakhala mu Africa muno.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi cha anthu amene anayamba kunena kuti dziko ndi lakale zedi. Ndinkaganiza kuti zonse zinayamba ndi Charles Darwin, koma buku lake lotchuka lija linatuluka mu 1859, akatswiri a miyala atagwirizana kale kuti zaka 6,000 sizikwanira. Ambiri mwa iwo anali anthu a mpingo. Dinosaur yoyamba kupatsidwa dzina la sayansi, Megalosaurus, inatchulidwa mu 1824 ndi William Buckland, wansembe wa Anglican amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa tchalitchi cha Westminster Abbey. Liwu lakuti dinosaur lenilenilo linabwera mu 1842 kuchokera kwa Richard Owen, yemwe pambuyo pake anatsutsana kwambiri ndi Darwin. Anthuwa ankaona miyala yosanjikizana, wina pamwamba pa unzake, uliwonse ndi zamoyo zakezake, ndipo anaona kuti chigumula chimodzi cha chaka chimodzi sichikanasanja zinthu mwadongosolo chotero.

Ku Scotland, mbusa Thomas Chalmers analemba mu 1814 kuti pakati pa vesi loyamba ndi lachiwiri la Genesis pakhoza kukhala nyengo yaitali imene Baibulo silinaifotokoze. Chalmers ameneyu ndi amene anakhala mtsogoleri woyamba wa Free Church of Scotland mu 1843, mpingo umene unadzatsegula mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875. Mkonzi wa nyuzipepala imene inkaimira maganizo a mpingowo, Hugh Miller, anali mmisiri wosema miyala amene anadzakhala katswiri wa nsomba zakale zosanduka miyala. Iye ankakana zoti zamoyo zinachita kusintha kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, koma ankaphunzitsa kuti tsiku lililonse la m'Genesis linali nyengo yaitali. Mawu oti musankhepo chimodzi akanawadabwitsa anthu amenewa.

Mmodzi wa iwo anafika ku Karonga komwe. Henry Drummond anali mlaliki amene anagwira ntchito ndi Dwight Moody pa misonkhano ya chitsitsimutso ku Britain, komanso ankaphunzitsa sayansi pa koleji ya Free Church ku Glasgow. Mu 1883 anabwera kunyanja kuno kudzaona miyala ndi zachilengedwe za dera limene kampani ya African Lakes inkachitamo malonda, ndipo chakumpoto kwa nyanja anapeza zotsalira za nsomba ndi nkhono zosanduka miyala. Mu 1894 anatulutsa buku lotchedwa The Ascent of Man, momwe anadzudzula Akhristu amene amasakasaka mipata imene sayansi sinafotokoze kuti aikemo Mulungu, ngati kuti Mulungu amangokhala m'mipatamo. Si onse mu mpingo wake anakondwa naye, ndipo ena anamuimba mlandu wosokoneza chiphunzitso. Mkanganowo unali wa m'banja, pakati pa anthu opemphera okhaokha.

Ngakhale ku America, kumene kunachokera vidiyo ija, zinthu sizinali monga zilili lero. Baibulo la Scofield la 1909, limene okhulupirira olimba ankalikonda kwambiri, linali ndi ndemanga zophunzitsa za mpata wa Chalmers uja. Pa mlandu wa mphunzitsi John Scopes ku Dayton, Tennessee, mu 1925, William Jennings Bryan anaima kumbali yoletsa kuphunzitsa za Darwin m'sukulu za boma. Koma loya Clarence Darrow atamupanikiza ndi mafunso, Bryan anavomera pagulu kuti sakuganiza kuti masiku a m'Genesis anali a maola 24.

Nanga zija za chigumula zinachokera kuti? Amene anazisonkhanitsa kukhala chiphunzitso ndi George McCready Price, wa mpingo wa Seventh-day Adventist, wobadwira ku Canada, amene za miyala anadziphunzitsa yekha powerenga. Kwa iye nkhaniyi inakhudza Sabata: ngati masiku asanu ndi limodzi aja sanali enieni, lachisanu ndi chiwiri likhala bwanji lenileni? Mu 1923 anatulutsa The New Geology, n'kunena kuti pafupifupi miyala yonse yokhala ndi mafupa inayalidwa ndi chigumula cha Nowa. Kwa zaka zambiri omutsatira kunja kwa mpingo wake sanali ochuluka. Zinthu zinatembenuka mu 1961 pamene John Whitcomb, mphunzitsi wa Chipangano Chakale, ndi Henry Morris, injiniya wa zamadzi, anatulutsa The Genesis Flood. Anatenga maganizo a Price, kuwaveka zovala zatsopano, n'kuwapereka ku mipingo ina yambiri. Mu 1963 kunabadwa bungwe la Creation Research Society. Ken Ham, wochokera ku Australia, anakhazikitsa Answers in Genesis, bungwe limene linatsegula Creation Museum mu 2007 ndi chingalawa chija mu 2016. Wolemba mbiri Ronald Numbers, amene anakulira m'banja la Adventist, analondola nkhani yonseyi m'buku la The Creationists la 1992.

Ndikawerenga zimene mabungwewa amaphunzitsa ndimaona kuti ma dinosaur amawagwiritsa ntchito ngati nyambo yokopera ana, ndipo eni ake sabisa. Amati chinyama chotchedwa behemoti mu Yobu 40 chinali dinosaur chifukwa mchira wake ukuyerekezedwa ndi mtengo wa mkungudza. Omasulira ambiri akale ankati ndi mvuu kapena njovu, ndipo munthu amene anaonapo mvuu itabisala m'bango mu Shire sangavutike kumvetsa chifukwa chake. Kwa zaka zambiri ankaonetsanso mapazi a mu mtsinje wa Paluxy ku Texas, amene ankati ndi a munthu oyandikana ndi a dinosaur pa thanthwe limodzi. Pofika mu 1986 atsogoleri awo omwe anayamba kulangiza anthu kuti asiye kugwiritsa ntchito umboniwo, zitaoneka kuti mapazi "a munthuwo" anali a dinosaur amene zala zake zinadzadza ndi matope, ndipo ena anachita kusemedwa ndi anthu ofuna kugulitsa. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira Kaphirintiwa wathu ku Dzalanyama, kumene makolo ankati mapazi a anthu oyamba ndi a nyama anadinda pa thanthwe lidakali lofewa. Zikuoneka kuti mtima wofuna kuloza pa mwala n'kunena kuti "si apa" suli ndi mtundu.

Mfundo yawo yamphamvu si ya mafupa ayi, koma ya magalasi. Amati tonse tili ndi umboni umodzimodzi, kusiyana n'kwakuti wina wavala magalasi a Baibulo, wina a munthu. Muli choonadi pang'ono m'menemo, chifukwa palibe amene amayang'ana dziko ndi mutu wopanda kanthu. Koma ngati zonse ndi magalasi, bwanji Buckland ndi Miller, amene anayamba ntchito yawo atavala a Baibulo, anaona dziko lakale? Komanso uranium amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, kaya woyezayo ndi mkulu wa mpingo kaya ndi wosapemphera. Ndi njira yotere imene Clair Patterson anapezera mu 1956 kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo njira zina zosadalirana zakhala zikuloza komweko.

Sindikufuna kuwaseka anthuwa, chifukwa mantha awo ndimawamva. Funso lawo lenileni ndi la imfa. Ngati nyama zinkadwala, kudyana ndi kufa zaka mamiliyoni Adamu asanachimwe, tiwerenga bwanji Aroma 5, pamene Paulo akulumikiza imfa ndi tchimo la munthu mmodzi? Ena amayankha kuti Paulo akunena za imfa ya anthu osati ya nyama. Yankholi limandithandiza, koma silimandimalizira zonse, ndipo sindinama kuti ndafika. Palinso bala lina limene ife a ku Africa sitingalinyalanyaze. Dzina la Darwin linagwiritsidwa ntchito poika munthu wakuda pansi pa makwerero. Mu 1906 mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anamuika m'nyumba ya anyani pa malo oonetserako nyama ku Bronx, New York, ndipo amene anadzuka kukatsutsa anali abusa achikuda. Koma nkhani ya Hamu, mwana wa Nowa, inagwiritsidwanso ntchito poikira kumbuyo ukapolo, ndipo sitinataye Genesis chifukwa cha zimenezo.

Tibwerere ku Karonga. Mafupa a chinyama chija anatoledwa m'zaka za m'ma 1920 pa nthawi ya Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, ndipo mu 1928 Sidney Haughton anachitcha Gigantosaurus dixeyi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 gulu la Louis Jacobs, mogwirizana ndi dipatimenti yathu yoona zinthu zakale, linafukula mafupa ena ambiri ku Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 chinapatsidwa dzina la Malawisaurus. Mmalawi mnzathu, Elizabeth Gomani, anaphunzira mafupawa mozama, ndipo mu 2005 anatchula mtundu wina, Karongasaurus. Chinandiseketsa n'chakuti Jacobs ankachokera ku Southern Methodist University ku Dallas, sukulu yokhazikitsidwa ndi mpingo, mumzinda womwewo umene lero muli likulu la Institute for Creation Research, bungwe la Henry Morris. M'boma lomwelo la Karonga, ku Uraha, gulu la Friedemann Schrenk linapeza mu 1991 chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni. Mafupa a Uraha ali m'miyala yapamwamba, a dinosaur m'miyala ina yakale kwambiri. Chigumula chimodzi chikanawasakaniza.

Chimene chimandipweteka ndi cha mng'ono wanga wa kwa amalume, amene ali Fomu 4. Anamva ulaliki wonga wa vidiyo ija, kenako anaphunzira za mafupa akale m'kalasi, n'kuganiza kuti mmodzi mwa awiriwo akunama. Anasankha aphunzitsi, ndipo kwaya anasiya. Palibe amene anamuuzapo za Chalmers kapena Drummond, kapena kuti wansembe wa Katolika, Georges Lemaître, ndi amene mu 1931 anayambitsa ganizo lakuti thambo lonse linayambira pa kanthu kamodzi kakang'ono n'kumafutukuka. Anamupatsa njira ziwiri zokha n'kumuuza kuti zakhala choncho kuyambira kale.

Mnzanga uja ndinamufotokozera zonsezi titakhala pa benchi kunja kwa laibulale. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati zaka za chiphunzitso sizitsimikiza kuti n'chabodza, ndipo kuti Chalmers ndi anzakewo n'kutheka anangogonjera nthawi yawo. Pa mfundo yoyambayo akunena zoona. Koma anavomera kuti mawu aja akuti "kuyambira kalekale" sawabwerezanso. Tagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi, ndalama ya basi ikapezeka, tikaone tokha mafupawo ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Mng'ono wanga ndamuuza kuti akonzeke, ndipo wafunsa ngati amalola kujambula ndi foni.