NJIRA ZAKALE ZA M'CHIGWA CHA NKHAMANGA

Kumpoto kwa dziko la Malaŵi, m'boma la Rumphi, kuli chigwa chachikulu chotchedwa Nkhamanga. Chigwachi chagona pakati pa mapiri a Nyika ndi dambo la Vwaza, ndipo madzi ake amathira mu mtsinje wa South Rukuru. Munthu woyenda pansi m'derali masiku ano amaona minda ya chimanga ndi fodya, zigafa, ng'ombe zili pabusa ndiponso ana akuthamangira ku sukulu. Bata lotereli likhoza kumunamiza mlendo kuti kuno sikunachitikepo kanthu. Komatu tinjira timeneti tinapondedwa ndi amalonda a minyanga, opereka nsembe, ankhondo ndi othawa nkhondo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyenda modekha yekha ndiye amaiona mbiri imene yabisala m'mbali mwa njirazi.

Ulendo umayambira pa Njakwa, pafupi ndi boma la Rumphi, pamene mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri. Mpata umenewu ndiwo khomo la Nkhamanga. Kalekale Atumbuka ankakhulupirira mzimu wamphamvu wotchedwa Chikhang'ombe, umene malo ake opatulika anali pa phiri la dzina lomwelo. Mwambo umanena kuti mzimuwu unkaoneka ngati njoka yaikulu, ndipo mphepo yamkuntho ikawomba anthu ankati Chikhang'ombe ali pa ulendo. Mvula ikachedwa, akuluakulu ankapita kukapereka nsembe ndi kupempha chifundo. Chipembedzochi chinali ndi ntchito inanso: chinkalumikiza mafuko amene analibe mfumu imodzi, monga a Luhanga, a Mkandawire ndi a Kumwenda, popeza chilala sichisankha mbumba.

Kuchoka pa Njakwa, njira imaloza kuzambwe mpaka pa Bolero, likulu la ufumu wa Chikulamayembe. Ufumuwu unayamba ndi malonda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunafika alendo ochokera kutsidya la kuvuma kwa Nyanja ya Malaŵi. Chifukwa choti anawoloka nyanja, anthu anawatcha Balowoka, ndipo mtsogoleri wawo anadziwika ndi dzina loti Mlowoka. Iwo anapeza njovu zochuluka pakati pa anthu amene sankaiwerengera kwenikweni minyanga ngati chuma. Tsono anayamba kusinthanitsa minyangayo ndi nsalu, mikanda ndi makasu. Ambiri amati dzina loti Chikulamayembe linachokera ku mawu a Chiswahili onena za kunyamula makasu.

Chochititsa chidwi n'chakuti Mlowoka sanalande dzikolo ndi mkondo. Iye anakwatira m'mabanja otchuka a eni nthaka, napereka mphatso kwa atsogoleri awo, mpaka mlendo uja anasanduka mkamwini ndi mbale. Gonapamuhanya, wa fuko la Gondwe, ndiye amakumbukiridwa ngati Chikulamayembe woyamba, ndipo chikondwerero chimene chimachitikira pa Bolero chimatchedwa ndi dzina lake. Ku Hewe, pafupi ndi malire a Zambia, ufumu wa Katumbi nawonso umalondoloza chiyambi chake kwa Balowoka omwewo.

Koma mtendere wa malondawo sunakhalitse. Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, anayenda mpaka ku Ufipa, m'dziko limene tsopano ndi Tanzania. Mfumu yawo itamwalira kumeneko anagawikana, ndipo gulu la M'mbelwa linatsikira m'dziko la Atumbuka cha m'ma 1855. Ufumu wa Chikulamayembe, umene mphamvu yake inali pa malonda osati pa asilikali, unalephera kulimbana nawo. Midzi inapasuka, anthu ambiri anagwidwa, ena anathawira m'mapiri, ndipo ulendo wa nsembe wa kwa Chikhang'ombe unazilala. Patapita zaka, Atumbuka ena anagalukira Angoni. Ahenga ndi Akamanga ambiri anathawira ku Karonga, pamene anthu a Baza Dokowe anaphedwa pa phiri la Hora, m'boma la Mzimba, cha m'ma 1880.

Madzi saiwala khwawa. Nkhondo zitatha, anthu anayamba kubwerera ku mabwinja a makolo awo, ndipo m'chaka cha 1907 boma la atsamunda linavomereza Chilongozi Gondwe kukhala Chikulamayembe. Ophunzira a ku Livingstonia anathandiza kwambiri kukweza dzina la ufumuwo. Saulos Nyirenda analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga, ndipo mmishonale T. Cullen Young anasindikiza buku lake la mbiri ya Atumbuka ndi Akamanga m'chaka cha 1932. Pambuyo pake katswiri wina wa mbiri, Leroy Vail, anatsutsa zina mwa zolembedwazo. Iye anati ufumu wakalewo sunali waukulu monga momwe olemba oyambawo anauonetsera, koma kuti anaukuza pofuna kugwirizanitsa Atumbuka m'nthawi ya atsamunda. Mtsutso umenewu umaphunzitsa wophunzira kuti pomva mbiri ayenera kufunsa amene akuinena, nthawi imene akuinenera ndiponso cholinga chake.

Kuchokera pa Bolero njira imagawikana. Ina imatsikira ku nyanja yaing'ono ya Kazuni, m'nkhalango yotetezedwa ya Vwaza, kumene mvuu ndi njovu zimamwa madzi. Njovu zimenezi ndi chikumbutso chamoyo cha chuma chimene chinakoka Balowoka. Njira inayo imakwera kudzera pa chipata cha Thazima kulowa m'mapiri a Nyika, amene mbali yake yaikulu ili pamtunda wa mamita oposa 2,000. Nyika inakhazikitsidwa kukhala malo osungirako zachilengedwe m'chaka cha 1965, ndipo inakuzidwa m'chaka cha 1978. Kukuzako kunachititsa kuti mabanja ambiri asamutsidwe, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Motero bata limene alendo amalitama pa Nyika linagulidwa ndi misozi ya anthu ena.

Pamwamba pa Nyika pali malo akale kuposa ufumu uliwonse. M'phanga la Fingira akatswiri anafukula mafupa a anthu ndi zida zamiyala za alenje amene anakhalako zaka zikwizikwi zapitazo. Pali thamanda la Kaulime, limene anthu ankaliopa ndi kulilemekeza pokhulupirira kuti mumakhala njoka ya mizimu. M'madera ena a mapiriwa mumapezekanso zotsalira za ng'anjo zimene Aphoka ankasungunuliramo chitsulo chosulira makasu ndi nkhwangwa.

Wolimba miyendo akhoza kuyenda masiku atatu kuchokera pa Chelinda mpaka ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894, itachoka ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Pafupi pake pali mathithi a Manchewe, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga limene anthu amati ankabisalamo pothawa adani. Nyumba yamiyala imene Laws ankakhalamo inasanduka yosungiramo zinthu zakale. Pa nthawi ya chipwirikiti cha m'chaka cha 1959, ndege ya boma inaponya uthenga wofunsa ngati azungu a pamishonipo akufuna kusamutsidwa. Iwo anayankha poyala miyala pabwalo kulemba Aefeso 2:14, kusonyeza kuti akuda ndi oyera atsala pamodzi mwamtendere.

Choncho njira imodzi yomweyi imadutsa pa malo a nsembe, pa likulu la mfumu, m'phanga la alenje ndi pa tchalitchi. Komabe malo otere sadzisunga okha. Mitengo ikamadulidwa pofuna nkhuni, makala ndi milimo ya zigafa, nkhalango zopatulika zimatsala zigwembe. Choopsa koposa ndi imfa ya okalamba odziwa mayina a mapiri ndi nkhani zake, pakuti phiri losadziwika mbiri yake limangokhala mulu wa miyala. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo limauma ngati achinyamata sapitako kukatunga. Wophunzira amene angakhale pansi ndi agogo a m'mudzi mwake, nafunsa, nalemba zimene wamva, adzakhala atapulumutsa chuma chimene sichingagulidwe ndi nsalu, mikanda kapena makasu.