Maginito ndi shuga m'chipinda chojambulira

Mmalawi wokhala ku Berea mu mzinda wa Johannesburg akadwala, kawirikawiri amayambira ku kiliniki ya ku Hillbrow. Matenda akakula amamutumiza ku Charlotte Maxeke Johannesburg Academic Hospital ku Parktown, ndipo m'kalata ya dokotala mumatha kupezeka MRI kapena PET. Achibale amangoti "akukajambulitsa", koma makina awiriwa amaona zinthu zosiyana.

MRI ndi maginito aakulu. Mphamvu yake amaiyeza mu tesla, ndipo m'zipatala zambiri imakhala 1.5 kapena 3. Mulibe cheza chonga cha ekisireyi: makinawo amasuntha tinthu ta haidirojeni ta m'madzi a m'thupi, n'kuonetsa bwino ubongo, msana ndi minofu. Maginitowo sazima ngakhale usiku. N'chifukwa chake anamwino amafunsa mobwerezabwereza za chitsulo: makiyi, ndolo, kabatire ka mtima, ngakhale kachidutswa kamene kanalowa m'diso la wowotcherera zitsulo. Akanena za contrast, akutanthauza jakisoni wa gadolinium wothandiza kuti chotupa chioneke, ndipo kwa ena amayamba ayeza impso. Kwathu ku Malawi phindu la MRI linaoneka kale: MRI imene inafika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008 inaonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongowo umatupa.

PET imafufuza malo amene akudya shuga mwaumbombo. Wodwala amabayidwa FDG, shuga womatidwa ndi fluorine-18 amene amatulutsa cheza. Theka la mphamvu yake limatha pa mphindi 110 zilizonse, zimene madokotala amati half-life. Mankhwalawa, omwe ena amapangidwa ku Pelindaba kufupi ndi Pretoria, sadikira munthu wochedwa pamzere wa takisi. Wodwala asadye kwa maola pafupifupi 6 asanajambulidwe, ndipo wa matenda a shuga anene msanga.

Liwu loopsa mabanja ndi uptake, kutanthauza kuti malo ena atenga shuga wambiri ndipo akuwala pachithunzi. Khansa imawala, inde, koma TB nayonso imawala, ndipo TB ku Johannesburg ndi yofala. Dokotala wosamala salengeza khansa poona kuwala kokha. Amayamba watenga kanyama pamalopo, biopsy, kuti akakaunike ku labotale.