Mpando Wosakhalidwa Pafupi ndi Guwa

Pa tsiku Lamulungu limene wansembe sanabwere, mlendo wolowa m'tchalitchi laling'ono la m'mbali mwa nyanja, kaya kufupi ndi doko la Monkey Bay kapena m'midzi ya parishi ya Nankhwali, angathe kuona chinthu chomudabwitsa. Kumene mwambo ukusungidwa bwino, mpando wokongola koposa yonse umakhala wopanda munthu. Akatekisiti otsogolera mapemphero amakhala pa kampando kena cha m'munsi, pafupi ndi anthu. Tamvapo ena akudandaula kuti kutero ndi kuchepsa munthu amene wasenza mpingo chaka chonse, pamene Abambo amangofika mwa apo ndi apo. Dandaulo limeneli si lopanda pake, ndipo tisanaliyankhe tiyenera kubwerera m'mbuyo.

Ife Amalawi tikudziwa kuti mpando umalankhula. Wotsogolera bungwe timamutcha wapampando, ndipo mwana sakhala pa mpando wa mfumu ngakhale mfumuyo ili ku ulendo. Eklezia wakale ankaganizanso chimodzimodzi. Episkopi anali ndi mpando wake kuseri kwa guwa, ansembe atakhala uku ndi uku. Mpandowo ankautcha cathedra, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera dzina lakuti katedralo. Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene dzina lake linaperekedwa ku katedralo yathu ya ku Mangochi, kawirikawiri ankaphunzitsa atakhala pansi, anthu akumvetsera ali chiimire. Mpando unali chizindikiro cha udindo wophunzitsa ndi wotsogolera mapemphero m'dzina la Khristu.

Pamene Abambo Oyera anafika kwa Mponda mu December 1889, chizindikiro chimenechi chinali chitazirala kale m'Misa ya masiku onse. Iwo sanakhalitse: mu 1891 anachoka asanakhazikitse mpingo. Amene anadzapitiriza ntchito kummwera kwa dziko lino ndi ansembe a chipani cha Montfort, omwe anayambira ku Nzama mu 1901. Misa imene anabwera nayo inali ya m'Chilatini, wansembe atayang'ana ku guwa. Pa Misa wamba iye sankakhala pansi n'komwe. Ngati panali mpando, unali cha kumbali, wongopumulirapo pa Misa yoimba. Otumikira, omwe anali anyamata okhaokha, ankagwada pa makwerero a guwa. Nanga mphunzitsi wa katekisimu? Malo ake anali pakati pa anthu, akuyambitsa nyimbo ndi mapemphero m'chinenero chathu, diso lina lili pa ana osokosa. Palibe anaganizapo zomupatsa mpando, chifukwa panthawiyo panalibe funso lakuti mkhristu wamba akhale kuti: onse amene sanadzozedwe, kupatula otumikira, anali kunja kwa malo a guwa.

Zinthu zinasintha ndi Msonkhano Waukulu wa Vatican II. Chikalata chake cha za chipembedzo, cha mu 1963, chinanena kuti owerenga, otumikira ndi oimba ali pa utumiki weniweni, ndi kuti aliyense achite zonse za udindo wake, koma zokhazo. Mpando wa wansembe unabwezeredwa poonekera, moyang'ana anthu. Mu 1972 Papa Paulo VI anakonza kuti utumiki wa wowerenga ndi wa akolito uziperekedwa kwa akhristu eni ake, osati kwa okhawo okonzekera unsembe, ndipo mu 1973 anatambasula chilolezo chakuti akhristu osankhidwa azithandiza kugawa Ukaristia. Mwadzidzidzi pafupi ndi guwa panachuluka anthu, ndipo aliyense anafunika pokhala.

Zaka zimenezi ndi zomwenso dera lathu linayamba kuima palokha. Mu 1969 linapatulidwa ku dayosizi ya Zomba, likudziwika ndi dzina lakuti Fort Johnston, ndipo mu 1973 linakhala dayosizi ya Mangochi, Ambuye Alessandro Assolari ali episkopi wake woyamba. Maepiskopi a AMECEA, pa misonkhano yao ya 1973 ndi 1976, anasankha miphakati kuti ikhale maziko a moyo wa mpingo. Kuno kunyanja, kumene midzi ya asodzi inatalikirana, misewu imaduka m'dzinja, ndipo Akatolika amakhala pakati pa Asilamu ndi akhristu a mipingo ina, ntchito yaikulu inagwera akatekisiti ndi akuluakulu a mpingo. Iwo ndiwo ankaika maliro, kuphunzitsa akatekumeni ndi kusonkhanitsa anthu Lamulungu. N'zosadabwitsa kuti m'malo ena anthu, mwa ulemu wao, anawalozera mpando wa Abambo.

Yankho lomveka bwino linachokera ku Roma mu 1988, m'malangizo a mapemphero a Lamulungu opanda wansembe. Malangizowo akuti mkhristu wotsogolera achite ngati mmodzi mwa abale ake, asagwiritse ntchito mpando wa wansembe, koma akonzeredwe wina kunja kwa malo a guwa. Malamulo a Misa amene tikutsata tsopano akuonjezera kuti mpando wa dikoni ukhale pafupi ndi wa wansembe, pamene mipando ya atumiki ena isiyane moonekeratu ndi ya odzozedwa, ndiponso iikidwe poti atumikiwo agwire ntchito yao mosavuta. Malamulo omwewo akuchenjeza wansembe kuti mpando wake usaoneke ngati wachifumu. Chenjezo limeneli timaliiwala msanga.

Ife tikuona kuti lamuloli likuteteza katekisiti koposa kumuchepsa. Akakhala pa mpando wa wansembe, anthu amayamba kumuyesa wansembe wosakwanira, munthu wochita Misa yoperewera. Akakhala pa malo ake, amaoneka chimene ali: mkhristu wobatizidwa amene abale ake ndi Eklezia anamukhulupirira. Mpando wopanda munthu uja nawo uli ndi ntchito. Umakumbutsa mpingo kuti lero palibe nsembe ya Misa, kuti tikudikira, ndi kuti wodzakhalapo ayenera kutuluka m'mabanja mwathu momwemu. Tikaudzaza, njala ya Ukaristia imazizira, ndipo ana amakula osasiyanitsa mapemphero ndi Misa.

Komabe tivomere kuti vuto lofala m'matchalitchi athu ndi lina. Nthawi zambiri wolanda malo si katekisiti. Pa masiku a chikondwerero timaona mipando yofewa itandandalikidwa kutsogolo chifukwa cha alendo olemekezeka ndi a makomiti, pamene wowerenga akuchokera kumbuyo kwenikweni, kudumpha miyendo ya anthu kuti akafike pa gome la Mau, ndipo ana otumikira akhala pa simenti. Vatican II inaletsa kukondera anthu kapena magulu m'mwambo wa chipembedzo, kupatula ulemu woyenera odzozedwa ndi akuluakulu a boma monga malamulo akulolera. Kalata ya Yakobo Woyera inadzudzula kale mpingo wopatsa wolemera malo abwino n'kukhazika wosauka pansi.

Palinso nkhani ya amayi. Mwambo wa kumudzi unazolowera kuti abambo akhale pa mipando, amayi pa mkeka, ndipo mwambowu unalowa nafe m'tchalitchi. Koma mu January 2021 Papa Francis anatsegulira amayi utumiki wa wowerenga ndi wa akolito, ndipo mu May chaka chomwecho anakhazikitsa ukatekisiti ngati utumiki wovomerezeka kwa amuna ndi akazi omwe. Mayi amene akuwerenga kalata ya Paulo Woyera ayenera benchi lomwelo limene mnzake wamwamuna akukhalapo, pafupi ndi gome la Mau. M'matchalitchi ambiri a kumudzi benchi limeneli kulibe, ndipo mmisiri wa matabwa wa pa msika wa Monkey Bay angalikhome tsiku limodzi, bungwe la tchalitchi litangogwirizana za mtengo wake.