Mphamvu ya wailesi yotumizira mawu ndi mtunda umene mawuwo amafika

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize. Mvula ya mkuntho yotere ikagwetsa mapolo a magetsi, mafoni a m'manja amathanso kuleka kugwira kwa masiku angapo. Koma wailesi yotumizira mawu imagwirabe ntchito malinga ili ndi batire. N'chifukwa chake magulu a alimi, mipingo ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amafunsa asanagule kuti makina a mphamvu zakuti angafikitse mawu mtunda wautali bwanji. Amene anafufuza kwambiri nkhaniyi ndi anthu okonda kulankhulana pa wailesi mwa chidwi chabe, osati malonda, omwe m'Chipwitikizi amatchedwa radioamadores. Zimene anapeza n'zakuti mphamvu yochuluka payokha siwonjezera mtunda monga mmene ambiri amaganizira.

Mmene amayezera

Mphamvu ya makina otumizira mawu imayezedwa m'mawati, monga mmene amayezera babu kapena sola. Wailesi ya m'manja, yonga ya apolisi, kawirikawiri imakhala ya mawati 5 kapena kucheperapo, pamene yoika patebulo nthawi zambiri imakhala ya mawati 100.

Kuti aone amene wagwiritsa bwino ntchito mphamvu yake, anthuwa amatenga mtunda umene mawu afika n'kuugawa ndi mawati. Mtundawo umayezedwa molunjika pa mapu, osati potsata msewu. Mwachitsanzo, kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita pafupifupi 1,100. Amene wamveka ku Maputo ndi mawati 100 wapeza makilomita 11 pa wati iliyonse. Wamveka ndi mawati 5 wapeza makilomita 220, ndipo wamveka ndi theka la wati wapeza makilomita 2,200. Bungwe la QRP Amateur Radio Club International limapereka satifiketi kwa amene wafika mamailosi 1,000 pa wati, omwe ndi makilomita pafupifupi 1,600. Mawu akuti QRP amatanthauza kutumiza ndi mphamvu yochepa, kawirikawiri yosaposa mawati 5.

Wolandira nayenso amapereka lipoti la manambala awiri. Yoyamba, kuyambira 1 mpaka 5, imanena mmene mawu akumvekera. Yachiwiri, kuyambira 1 mpaka 9, imanena mphamvu imene mafunde afika nayo. Lipoti la 59 ndiye kuti zonse zili bwino kwambiri.

Chifukwa chake mphamvu payokha sikwanira

Mafunde a wailesi akachoka pa mlongoti amamwazikana monga kuwala kwa nyali. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yofika kwa wolandira imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho pamalo opanda chotchinga chilichonse, kuti mawu afike mtunda wowirikiza kawiri pamafunika mphamvu yowirikiza kanayi. Pafupi ndi nthaka zimavuta kuposa apo, moti akatswiri amawerengera kuti mphamvu ingafunike kuwirikiza mpaka ka 16.

Pa lipoti lija, kuwirikiza mphamvu kanayi kumakweza nambala yachiwiri ndi imodzi yokha. Munthu amene akumveka pa 9 ndi mawati 100 akatsitsa kufika pa mawati 5 amamveka cha pa 7, ndipo zolankhula zake zimamvekabe bwino. Koma ku batire kusiyana n'kwakukulu. Makina a mawati 100 amakoka ma ampeya pafupifupi 20 potumiza mawu, pamene a mawati 5 amakoka awiri kapena kucheperapo. Pamudzi wodalira sola imodzi m'nyengo ya mitambo, kusiyanaku kungachititse kuti wailesi ikhale chete tsiku limene ikufunika kwambiri.

Kukwera kwa mlongoti

Mawailesi ambiri a m'manja amagwiritsa ntchito mafunde a VHF kapena UHF. Ma radioamadores a mu Africa ali ndi gawo lawo pakati pa 144 ndi 146 MHz, pamwambako pa mafunde a FM amene amakhala pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Mafunde amenewa amayenda molunjika, ndipo amatchingidwa ndi mapiri komanso kupindika kwa dziko.

Pamalo athyathyathya, wailesi yogwiridwa m'manja pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka imafika makilomita pafupifupi 5 dziko lisanapindike. Anthu awiri oimirira angamvane mpaka makilomita 10, koma mitengo ndi nyumba zimachepetsa mtundawo. Mlongoti wokwezedwa mamita 9 umafika makilomita pafupifupi 12, wa mamita 25 umafika makilomita 20, ndipo woikidwa pa chitunda cha mamita 100 pamwamba pa malo ozungulira umafika makilomita 41. Manambala a mbali ziwirizo amaphatikizidwa.

Izi n'zofunika kwambiri m'madera a mapiri monga Angónia, Tsangano ndi Macanga. Munthu ali kudimba m'chigwa angalephere kumvana ndi mnzake wa kuseri kwa phiri pa makilomita atatu okha ngakhale ataonjezera mawati, pamene wokwera phiri ngati la Domué angamveke kutali ndi makina aang'ono omwewo. Ndicho chifukwa chake makina olandira mawu n'kuwatumizanso amaikidwa pamwamba pa mapiri. Mtunda umene umalembedwa pa mabokosi a mawailesi ogulitsa kawirikawiri umakhala wa pamalo okwera opanda chotchinga.

Mafunde odumphira kumwamba

Mafunde aafupi, a pakati pa 3 ndi 30 MHz, amayenda mwa njira ina. Amakwera mpaka mumlengalenga, pa makilomita mazana angapo, pamene pali mpweya wosinthidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Mpweyawo umawapinda n'kuwabwezera pansi kutali kwambiri. Apa m'pamene mawati ochepa amawolokera nyanja.

Guglielmo Marconi analengeza kuti pa 12 Disembala 1901 anamva ku Newfoundland zizindikiro zochokera ku Poldhu, ku England, pogwiritsa ntchito makina akuluakulu a mphamvu zambiri. Mu Novembala 1923 ma radioamadores awiri, Léon Deloy wa ku Nice, ku France, ndi Fred Schnell wa ku United States, analumikizana uku ndi uku kuwoloka nyanja ya Atlantic pa mafunde aafupi ndi mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya Marconi. Mu 2008 Joe Taylor, katswiri amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993, anatulutsa pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa WSPR. Makina amatumiza uthenga waufupi kwa mphindi pafupifupi ziwiri, ndipo onse amene aumva amalemba pa intaneti. Mwa njirayi mauthenga osakwana wati imodzi amamveka m'makontinenti ena.

Pa mafunde amenewa nthawi ya tsiku imakhala yofunika ngati mphamvu. Mafunde a 14 MHz amapita kutali makamaka masana, pamene a 7 MHz amatalikitsa usiku. Omvera achikulire amakumbukira mmene mawailesi a mayiko akutali ankamvekera dzuwa likalowa n'kuzimiririka m'mawa. Kusintha kwa dzuwa, kumene kumabwereza pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, nakonso kumakhudza mtunda.

Malamulo ndi chenjezo

Kutumiza mawu pa mafunde a ma radioamadores kumafuna chilolezo. Ku Mozambique chimaperekedwa ndi bungwe la INCM, ndipo ku Malawi ndi la MACRA. Aliyense wololedwa amapatsidwa dzina la pa wailesi: a ku Mozambique amayamba ndi C9, a ku Malawi ndi 7Q, a ku Zambia ndi 9J. Mafundewa saloledwa kuchitirapo malonda, choncho gulu lofuna wailesi yokambirana mitengo ya mbatata kapena fodya liyenera kupempha chilolezo cha mtundu wina.

Gulu lofuna kugula makina lingayese kaye awiri pamalo enieni amene adzagwiritsidwe ntchito, wina ali pamudzi wina kumunda, n'kulemba pamene mawu ayamba kudukaduka. Likatero liyesenso mlongoti utakwezedwa pa nsungwi kapena mtengo wa bulugamu, lisanalipire mawati owonjezera. Mlongoti uikidwe kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo chingwe chake chichotsedwe ku makina mvula ya mphezi ikayandikira.