Mmene Eklezia Analandirira Akhristu Akugwa

M'chaka cha 250 mfumu ya ku Roma, Decius, inalamula kuti anthu onse a mu ufumu wake apereke nsembe kwa milungu. Munthu ankakaonekera pamaso pa akuluakulu a boma, n'kuthira vinyo pa guwa ndi kulaŵa nyama ya nsembe, ndipo akatero ankalandira chitupa cha umboni. Zitupa zina zotere, zolembedwa pa gumbwa, zinapezeka ku Egypt ndipo zasungidwa mpaka lero. Papa Fabian anafera chikhulupiriro mu Januwale chaka chomwecho. Za amaritiri ngati ameneŵa timamva kaŵirikaŵiri m'tchalitchi, koma za khamu lalikulu limene linagonja sitikambakamba ai.

Ku Carthage, mzinda umene mabwinja ake ali m'dziko la Tunisia, Episkopi Cyprian analemba modandaula kuti ambiri sanadikire n'komwe kuti aŵagwire. Anathamangira okha ku guwa la mafano, ena atanyamula makanda m'manja. Enanso nsembe sanapereke, koma chitupa chija anachigula ndi ndalama. Tsono mazunzo atayamba kuzilala, anthu onseŵa anabwerera pakhomo pa Eklezia ali zyoli. Nanga aŵatani?

Ena anafuna kuti nkhani ithe mwachangu. Lucian, Mkhristu amene anazunzika m'ndende ku Carthage, ankalembera akugwa makalata oti alandiridwe, mpaka analemba imodzi yokhululukira onse nthaŵi imodzi. Ku Roma zinali zina. Atasankhidwa Papa Cornelius mu 251, wansembe wina wophunzira kwambiri, Novatian, anadzipatula nadzozedwa kukhala episkopi wopikisana naye, naphunzitsa kuti Eklezia alibe mphamvu yobwezera wokana Khristu pa gome la Ambuye, ngakhale ali pa mphasa ya imfa. Tisafulumire kumuweruza Novatian. Taganizani za mayi amene mwamuna wake anafera m'ndende, lero agwade pamodzi ndi mnansi amene anagula chitupa!

Cyprian anakana njira zonse ziŵiri. Iye mwini anabisala pa nthaŵi ya mazunzo, akutsogolera nkhosa zake ndi makalata, ndipo anthu ena ankamunena chifukwa cha zimenezi. Choncho kunyozeka ankakudziŵa. M'buku limene analemba mu 251 lonena za akugwa, anayerekeza wansembe ndi sing'anga: wongosisita chithupsa amasiya mafinya m'kati, pamene wochiza zenizeni amachitumbula ngakhale wodwala alire. Maepiskopi atasonkhana ku Carthage chaka chomwecho anagwirizana kuti mlandu wa munthu aliyense umvedwe paokha. Ogula zitupa analandiridwa msanga, opereka nsembe anapatsidwa nthaŵi yaitali ya kulapa, koma wolapa aliyense wofika pa ngozi ya imfa ankayenera kupatsidwa mtendere. Posakhalitsa, poona kuti mazunzo ena akudza, maepiskopiwo analandira onse amene anapirira pa kulapa kwao. Anati sikoyenera kuyembekeza kuti munthu akhetse magazi chifukwa cha Khristu pamene tikumumana chikho cha Magazi a Khristu.

Komatu malamulo paokha sanafikitse munthu pa guwa. Mbiri yatisungira nkhani za anthu wamba amene anasenza anzao. Kunali mnyamata wina, Celerinus, amene anakhala masiku 19 m'maunyolo ku Roma osakana Ambuye. Uyu ndiye akanatha kudzitukumula, koma analembera Lucian kupepesera akazi aŵiri akugwa, Numeria ndi Candida, amene ankaŵatchula kuti alongo ake. Anati chikondwerero cha Pasaka anachitha akulira chifukwa cha iwo. Kulakwa kwao sanakubise, koma anafotokozanso zimene ankachita chigwereni: ankapita kudoko kukachingamira Akhristu ozunzidwa ochokera ku Africa, ndipo anasamala anthu 65. Cyprian, amene sanakondwe ndi makalata a Lucian, anayamika Celerinus chifukwa cha kufatsa kwake, ndipo pambuyo pake anamuika kukhala mŵerengi wa Mau a Mulungu.

Ifenso m'mabanja ndi m'miphakati mwathu tili nao ana ndi abale amene papita zaka asakulandira masakramenti, wina chifukwa cha ukwati wosadalitsa, wina anakhumudwa ndi mau a mtsogoleri, wina manyazi chabe. Zolakwa zao timazidziŵa pamtima. Koma atatifunsa bambo mfumu kuti titchule zabwino zimene anthuŵa akuchita, monga anachitira Celerinus, ambiri a ife tingakande m'mutu.

Nkhani ina anailemba Dionysius, Episkopi wa ku Alexandria. Kunali nkhalamba, dzina lake Serapion, imene inakhala moyo wangwiro zaka zambiri koma inagwa pa mazunzo aja. Inapempha kambirimbiri kuti ilandiridwe, koma panalibe woimvera. Kenaka inadwala, n'kukhala masiku atatu osalankhula. Tsiku lachinai inatsitsimuka pang'ono n'kutuma mdzukulu wake kuti akaitane wansembe. Unali usiku, ndipo wansembeyo nayenso anali chigonere. Popeza Dionysius anali atalamula kale kuti olapa asamwalire opanda mtendere, wansembe uja anapatsa mnyamatayo kachidutswa ka Ukaristia, namuuza kuti akakaviike ndi kukaika m'kamwa mwa agogo ake. Mwana anathamanga mu mdima, nachita monga anamuuzira. Nkhalamba ija itangomeza, inatsirizika.

Dionysius analemba zimenezi m'kalata yopita kwa Fabius, Episkopi wa ku Antioch, amene mtima wake unkapendekera kwa Novatian. Dzina la mdzukulu uja sanalilembe.