Chamba cha Makolo: Mbewu Yowoloka Nyanja

Chamba sichinayambire kuno. Chinachokera ku Asia, n'kufika kugombe la kum'mawa kwa Africa ndi amalonda apanyanja, kenaka apaulendo anachikweza kumtunda. Posankha njere chaka ndi chaka, makolo athu anaumba mtundu wawowawo: wautali msinkhu, wa masamba owonda, wochedwa kukhwima, wozolowera dzuwa ndi mvula ya kwathu. Akakolola ankachikulunga m'makungwa a nthochi. Cha ku Nkhotakota chinamveka mpaka kutsidya kwa nyanja ndi dzina loti Malawi Gold.

Atsamunda anachiletsa. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inalola okhala ndi ziphaso kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma kusuta n'koletsedwabe. Inu mwasonkhana pano, njere za makolozi adzazisunga ndani zisanasakanikirane ndi zachilendo?